KULUMIKIZA MAKINA AKALE A MASEWERA KU WAILESI YA KANEMA

Nkhani yokambidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu

Masiku ena pa nthawi ino mumva za mbewu, za dibi la ng'ombe ndi za mitengo ya pa msika. Lero ndadza ndi nkhani ya mtundu wina, ndipo ndidziwa kuti ena a inu mudzati, "Ha, zimenezo nza ana." Inde, nza ana. Koma ndalama zogulira nzanu, magetsi ndi anu, ndipo nyumba imene ingapse njanunso. Chotero khalani pansi timvane.

Nkhani yake nayi. Mwana wanu amene ali ku Joni kapena ku Mangalande atumiza katundu, ndipo pakati pa zovala mupezamo kabokosi kotuwa kokhala ndi zingwe ndi timakaseti take. Kapena mdzukulu wagulitsa mtedza wake nakagula kabokosi kotero pa kaunjika. Awa ndiwo makina a masewera, amene anyamata awatcha magemu. Madzulo ana aunjikana, alumikiza nthambo, ayatsa kanema, koma pagalasi paoneka mchenga wokhawokha ndi phokoso longa mvula pa malata. Ena pomwepo ataya kabokosiko. Ena ayesa nthambo iliyonse imene ilowa, kufikira amva fungo la chinthu chopserera. Enanso athamangira kwa mfumu kukasuma kuti wogulitsa uja wawabera. Komatu nthawi zambiri kabokosiko nkamoyo ndithu, kanemanso ndi wamoyo. Chavuta nchakuti awiriwa sanapezane.

Tiyambe ndi kudziwa chimene kabokosika kali. Makina oyamba a masewera ogulitsidwa kuti anthu aziseweretsa pa kanema wa m'nyumba anatuluka ku America m'chaka cha 1972. Dzina lake linali Magnavox Odyssey, ndipo nzeru yake inachokera kwa mmisiri wotchedwa Ralph Baer. Pambuyo pake panadza Atari 2600 mu 1977, Famicom ya kampani ya Nintendo ku Japan mu 1983, imene inapita ku America mu 1985 ndi dzina lakuti NES, ndiponso Mega Drive ya kampani ya Sega mu 1988. Masiku amenewo makanema ambiri anali ndi khomo limodzi lokha kumbuyo kwake, ndilo bowo la eriyo. Chilichonse chofuna kuoneka pagalasi chinayenera kulowera pa khomo limenelo, monga mlendo alowera pa bwalo la mfumu. Tsono amisiri anaika m'kati mwa kabokosi kalikonse kanyumba koulutsira mawu kakang'ono kwambiri. Kanyumba kameneka sikaulutsa m'mwamba ai, kaulutsa m'nthambo mokha, ndipo omvera ake ndi kanema mmodzi yekhayo. Kwa kanema wanu, kabokosiko ndi siteshoni ngati masiteshoni ena onse. Ndipo siteshoni imene simunaitchere simungaione, ngakhale ili pa mphuno panu.

Akuluakulu ena mukumbukira wailesi ija yonga sefuliya imene inafika m'midzi kuyambira mu 1949, yopangidwa ndi kampani ya Ever Ready, yogulidwa ndi mapaundi asanu, imene anthu ankamverapo nyimbo ndi nkhani zochokera ku Lusaka. Munkapotoza kachitsulo pang'onopang'ono, kudutsa mluzu ndi kulira kosiyanasiyana, kufikira mawu atamveka bwino. Kodi chimene munkafuna popotozapo chinali chiyani?

Taponyani mwala m'dziwe. Muona mafunde ali kuthamangira kumtunda motsatana. Mukakhala pa gombe mutha kuwerenga mafunde amene afika pa sekondi imodzi, kapena awiri, kapena atatu. Nyumba youlutsira mawu nayonso itulutsa mafunde, koma osaoneka ndi maso, ndipo afika ochuluka koopsa. Munthu amene anayamba kuonetsa poyera kuti mafunde otere alipodi ndiye Heinrich Hertz wa ku Germany, m'zaka za 1887 ndi 1888, ndipo chifukwa cha iye funde limodzi pa sekondi litchedwa hertz imodzi. Mafunde miliyoni imodzi pa sekondi ndiwo megahertz imodzi, imene ilembedwa MHz. Manambala aja muwaona pa wailesi yanu ya FM, kuyambira 87.5 kulekeza 108, ndiwo mamegahertz amenewa. Mukatchera pa 100, ndiye kuti mwauza wailesi yanu kuti, "Mvera yekhayo amene agunda ka mamiliyoni 100 pa sekondi, ena onse uwaleke."

Mafunde onsewa athamanga liwiro limodzi, makilomita ngati 300,000 pa sekondi. Chotero akachuluka pa sekondi, lililonse lifupika. Funde la pa 100 MHz ndi lotalika mamita atatu. Mawailesi akale ankalemba utali umenewu, nchifukwa chake munkamva za mamita 49, mamita 60 kapena mamita 90. Funde la kanema la pa 600 MHz ndi theka la mita basi, ndipo nchifukwa chake timitengo ta eriyo ya kanema ya padenga ndi tatifupi chotero.

Tsono apa, inu mafumu, nkhani yafika pa ntchito yanu. Mlengalenga ndi ngati dambo limodzi lalikulu limene anthu onse afuna kulimamo: a wailesi, a kanema, a ndege, a sitima za pamadzi, apolisi ndi a lamya za m'manja. Aliyense akalima pamene afuna, padzakhala ndeu. Motero dambolo ligawidwa, ndipo malire ake alembedwa. Bungwe logawira maiko ndilo ITU, lokhala ku Geneva, limene linayamba kalekale mu 1865 pa nthawi ya matelegalamu. Kuno ku Malawi wogawira masiteshoni ndi MACRA. Munda umodzi woperekedwa kwa siteshoni ya kanema ndiwo utchedwa tchanelo. Chithunzi chifuna malo ambiri kuposa mawu, chotero munda wa kanema ndi wotakata: mamegahertz 6 ku America ndi ku Japan, mamegahertz 8 ku Britain ndi ku South Africa.

Pamene pasokoneza anthu ambiri ndi apa. Nambala ya tchanelo ndi dzina chabe la munda, ndipo dziko lililonse linatcha minda yake mwa lokha. Mukauza mlendo kuti, "Pita kumunda wachinayi," ayenera kufunsa kuti wachinayi m'mudzi wa yani. Tchanelo 4 ya ku America ili pakati pa 66 ndi 72 MHz. Tchanelo 4 ya ku South Africa ili pakati pa 174 ndi 182 MHz. Dzina ndi limodzi, koma minda njotalikirana ngati Nsanje ndi Karonga.

Makina a ku America aulutsa pa tchanelo 3 kapena 4 ya kwawoko, ndipo Atari 2600 pa 2 kapena 3. Tchanelo 3 iyamba pa 60 kulekeza 66 MHz, chithunzi chake chikhala pa 61.25, cha tchanelo 4 chikhala pa 67.25. Kumbuyo kapena pansi pa kabokosi mupezapo kabatani kosankhira imodzi mwa ziwirizo. Anaika ziwiri chifukwa boma la kumeneko silinkakonda kupereka minda iwiri yogundana m'mzinda umodzi, poopa kuti ingalowerane. Chotero ngati 3 inali ndi mwini wake, 4 inali yogonera, ndipo kabokosi kankabwereka yogonerayo.

Makina a ku Britain, ndi ambiri a ku Ulaya, aulutsa kumtunda kwambiri, pa tchanelo 36, m'chigawo chotchedwa UHF. Chigawo chimenechi chiyamba ndi tchanelo 21 pa 470 MHz, ndipo tchanelo iliyonse yotsatira ionjezera mamegahertz 8. Werengani nokha: kuchokera pa 21 kufika pa 36 pali minda 15, ndiyo mamegahertz 120, chotero tchanelo 36 iyamba pa 590 ndipo chithunzi chake chili pa 591.25 MHz. Munda umenewu unali wopanda siteshoni ya kanema pakuti unasungidwira makina oonera ndege pa mabwalo a ndege. Koma ngakhale munda wobwereka uli ndi mlandu wake. Mu 1997, pamene siteshoni yatsopano yotchedwa Channel 5 inapatsidwa matchanelo 35 ndi 37, anayenera kutuma amisiri kuyenda nyumba ndi nyumba kukasuntha makina a vidiyo a anthu kuti asagundane ndi mnansi watsopanoyo.

Famicom ya ku Japan ndiyo ivuta koposa. Iyo iulutsa pa tchanelo 1 kapena 2 ya ku Japan, ndipo zithunzi zake zili pa 91.25 ndi 97.25 MHz. Taonani manambala amenewo. Ali m'kati mwenimweni mwa FM yathu ino! Ku Japan wailesi ya FM inapatsidwa malo a m'munsi, kuyambira pa 76 MHz, ndipo pamene ife tiika nyimbo iwo anaikapo kanema. Nchifukwa chake munthu wa ku America wofuna kuonera Famicom atchera kanema wake pa tchanelo 95 kapena 96 ya matchanelo a m'nthambo. Ndiponso pali kanzeru kena apa. Mawu a tchanelo 1 ya ku Japan ali pa 95.75 MHz, a tchanelo 2 ali pa 101.75. Mukagunditsa nsonga ya nthambo ya Famicom ku eriyo ya wailesi ya FM ndi kutchera pamenepo, mutha kumva kanyimbo ka masewerawo. Mukakamva, dziwani kuti makinawo ngamoyo.

Chinanso chosokoneza ndi rimoti. Mnyamata awerenga kuti "tchanelo 36," nadina 3 ndi 6 pa rimoti, ndipo saona kanthu. Manambala a pa rimoti ndi ngati nkhokwe zimene kanema asungiramo masiteshoni amene anawapeza kale. Nkhokwe ya 36 ingakhale yopanda kanthu, kapena muli siteshoni ina. Muyenera kuyamba mwatuma kanema kukafuna mundawo, ndipo akaupeza mungausunge m'nkhokwe iliyonse imene mufuna, ngakhale yoyamba.

Ndisananene za kalumikizidwe, imani kaye. Musalowetse pulagi m'khoma musanamve izi, pakuti cholakwa cha tchanelo chingokutayitsani nthawi, koma cholakwa cha magetsi chipha makina nthawi yomweyo, ndipo chingathe kuyatsa moto.

Magetsi athu ndi a mphamvu ya mavolti 230. A ku Britain ndi a ku South Africa ndi chimodzimodzi, chotero makina ochokera kumeneko afuna kungosintha pulagi ngati miyendo yake siilowa. Koma a ku America ndi mavolti 120, a ku Japan ndi 100. Kachitsulo kaja kogulidwa pa msika kothandiza kuti pulagi ya miyendo iwiri yaphanthiphanthi ilowe m'khoma lathu kasintha maonekedwe okha, mphamvu sikasintha ai. Tengani adaputa, ndiko kabokosi kakuda kolemera kokhala pa chingwe cha magetsi, muwerenge pamene palembedwa INPUT. Pakalembedwa 220, 230 kapena 240, kapenanso 100 mpaka 240, zili bwino. Pakalembedwa 100 yokha, 110 kapena 120, musayese. Pamafunika thiransifoma yotsitsa mphamvu, kapena adaputa ina yopangidwira magetsi athu. PlayStation yoyamba, ya mu 1994, ilibe adaputa yakunja, zonse zili m'mimba mwake. Chotero werengani chikalata chomatidwa pansi pake. Ya ku America ikalawa magetsi athu ipsera m'kati.

Posankha adaputa ina, werenganinso pamene palembedwa OUTPUT, ndipo musakhulupirire kuti chilichonse cholowa m'bowo ncholondola. Pali magetsi a mitundu iwiri, olembedwa AC ndi olembedwa DC. Adaputa ya NES ya ku America itulutsa mavolti 9 a AC. Famicom, ngakhale ndi ya kampani yomweyo ndipo masewera ake ngofanana, ifuna mavolti 10 a DC, ndipo mukaipatsa adaputa ya mbale wakeyo muiononga. Magetsi a DC alinso ndi mbali ziwiri monga batire, ya + ndi ya −. Pa adaputa pajambulidwa kachizindikiro koonetsa mbali imene ili pakati pa nsonga. Famicom ndi Mega Drive yoyamba zifuna − pakati. Maadaputa ambiri a masiku ano, monga a dikoda, ali ndi + pakati, ndiponso ndi a mavolti 12. Nsonga yake ilowa bwinobwino, ndipo ngozi yake ili pomwepo. Inu a sola, musalumikize kabokosi mwachindunji ku batire yaikulu. Dzerani pa inveta ndi adaputa yoyenera. Ngati zolembedwazo zafufutika, pitani nazo kwa mmisiri wokonza mawailesi akayeze ndi mita yake. Ndalama yomulipira njochepa poyerekeza ndi mtengo wa makina.

Magetsi akalongosoka, yang'anani kumbuyo kwa kabokosi. Mukaona bowo lachikasu lolembedwa VIDEO ndi lina loyera kapena lofiira lolembedwa AUDIO, mwapulumuka. Imeneyo ndi njira yachidule yosadzera ku matchanelo konse. Lumikizani chikasu ku chikasu, loyera ku loyera, dinani batani la AV, basi. Chithunzi chake nchoyeranso kuposa cha pa eriyo. NES ya ku America ili nawo mabowo amenewa m'mbali mwake, ndipo timakina tambiri totsanzira Famicom timene tinadzaza misika m'zaka za m'ma 1990 tili nawonso. Mega Drive ili ndi bowo lake lozungulira la timano tambiri, lofuna nthambo yakeyake.

Koma Atari 2600 ndi Famicom yoyamba zilibe njira imeneyi. Zili ndi njira ya eriyo yokha, ndipo pamakina ambiri bowo lake lilembedwa RF. Chenjerani pano: nsonga ya nthambo ya RF ifanana ndi nsonga ya nthambo yachikasu ija, ndipo ilowa m'bowo lachikasu la kanema popanda kukana. Koma simudzaona kanthu, pakuti katundu wake ngwina. Malo ake ndi bowo la eriyo, lolembedwa ANT kapena RF IN. Mabowo a eriyo nawonso ali pawiri: a kuno ndi a ku Britain ndi ongolowetsa, a ku America ndi opotera ngati bawuti. Kachitsulo kosinthira nsonga kapezeka kwa ogulitsa zipangizo za madishi. M'katundu wakale mungapezemo kabokosi kachitsulo kolembedwa TV mbali ina ndi GAME mbali ina. Ntchito yake inali kusankha pakati pa eriyo ndi masewera. Tambiri ta ito tinachita dzimbiri, ndipo ine ndinena kuti ndi bwino kungozula nthambo ya eriyo ndi kulowetsa ya makina mwachindunji.

Tsono lowetsani kaseti, yatsani makina, ndipo pamenepo mpamene muyambe kufufuza. Ambiri alakwa pofufuza makina ali chizimire. Siteshoni yotseka siipezeka. Pa kanema wakale wa chimimba, pitani pamene atcherera matchanelo, musankhe chigawo. Makina a ku Britain ali mu UHF. A ku America ali m'chigawo cha pansi cha VHF, chimene makanema ambiri achilemba VHF-L kapena VL. Mulole kanema ayende yekha kufikira chithunzi chitulukira, kenaka mukonze pang'onopang'ono monga munkachitira ndi sefuliya ija, ndi kusunga. Kanema akadumpha osaima, pakuti mphamvu ya kabokosi njochepa, fufuzani ndi dzanja pafupi ndi manambala ndatchula aja. Dziwaninso kuti makanema ambiri akale opangidwira Britain amva UHF yokha. Otero sangapeze makina a ku America kapena a ku Japan ngakhale mutafufuza usiku wonse.

Chithunzi chikabwera, nthawi zina chidza ndi matenda, ndipo matenda ake atatu muyenera kuwadziwa.

Oyamba ndi chithunzi chabwino koma mawu ali phokoso lokha. M'munda uliwonse wa tchanelo muli mizere iwiri, wa chithunzi ndi wa mawu, ndipo mpata wa pakati pake usiyana ndi dziko. Ku America ndi ku Japan ndi mamegahertz 4.5, ku maiko ambiri a kumadzulo kwa Ulaya 5.5, ku Britain ndi ku South Africa 6, ku China ndi kum'mawa kwa Ulaya 6.5. Kanema akapeza chithunzi apima mpata umene anazolowera nakafuna mawu pamenepo. Akaphonya, amva mphepo. Makanema ambiri ogulitsidwa kuno adziwa mipata yonseyi, koma muyenera kuwauza. Funani pamene pali zilembo M, BG, I ndi DK. Makina a ku Britain ndi a ku South Africa afuna I, a ku Germany ndi anansi ake ambiri BG, a ku America ndi Japan M.

Achiwiri ndi chithunzi chakuda ndi choyera, chopanda utoto. Achitatu ndi chithunzi chogubuduka kuchokera pansi kunka m'mwamba osaima. Awiriwa gwero lake ndi limodzi. Ku America anakhazikitsa njira yao ya kanema wa utoto mu 1953, yotchedwa NTSC, ya mizere 525, yojambula pagalasi ka 60 pa sekondi. Ku Germany mmisiri Walter Bruch anaonetsa njira ina mu 1963, yotchedwa PAL, ya mizere 625, yojambula ka 50 pa sekondi. Manambala 60 ndi 50 anatsata kagundidwe ka magetsi a m'maiko amenewo. Kanema atayamba ku South Africa mu Januwale 1976, ndi kuno ku Malawi mu Epulo 1999, anatsata PAL. Tsono kanema wodziwa PAL yokha akalandira NTSC sazindikira utoto wake, ndipo wakale kwambiri alephera kutsata liwiro la 60, nchifukwa chake chithunzi chigubuduka. Mankhwala ake ndi kusankha NTSC kapena AUTO pamene asankhira utoto, ngati kanemayo ali napo. Ngati alibe, palibe nthambo imene ingachize zimenezi. Pafunika kanema wina kapena kabokosi kotembenuza. Mwina ana adzakuuzani kuti masewera omwewo athamanga kwa anzawo kuposa kwanu. Sanama ai. Masewera ambiri akale ankayenda ndi kajambulidwe ka galasi, chotero pa makina a PAL ankachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi.

Nanga makanema atsopano aphanthiphanthi? Mu 2006 maiko a ku Africa, a ku Ulaya ndi ena anapangana ku Geneva kusiya kaulutsidwe kakale ndi kutsata ka dijito, ndipo tsiku limene anaika linali 17 Juni 2015. America inazimitsa masiteshoni ake aakulu akale mu 2009, Britain inatsiriza mu 2012. Kuno madikoda a Kiliye Kiliye anadza chifukwa cha pangano lomwelo. Minda ndi yomweyo ya UHF, koma mbewu yasintha: m'munda umodzi umene kale munkakhala siteshoni imodzi, tsopano mulowa masiteshoni ambiri. Kabokosi ka masewera sikadziwa zimenezi, kalankhulabe chinenero chakale. Chotero musakalumikize ku bowo la eriyo la dikoda, pakuti dikoda imva dijito yokha. Makanema ambiri aphanthiphanthi akali ndi makutu awiri, lolembedwa DTV ndi lolembedwa ATV. Lanu ndi ATV. Mukafufuza pa DTV simudzapeza kanthu. Kanema akakhala wopanda ATV, makina akale a vidiyo ya makaseti angakhale mkhalapakati: alandira RF pa bowo lao la eriyo natulutsa chithunzi pa nthambo yachikasu, malinga akhale a dziko limodzi ndi kabokosiko. Kanema wopanda ngakhale bowo lachikasu afuna kabokosi kena kotembenuzira AV ku HDMI.

Chinthu chimodzi chokha sichitheka pa kanema watsopano. Makina ena adza ndi kamfuti koombera abakha a pagalasi. Kamfuti kameneka kali ndi diso loona kuwala, ndipo kadalira kuti galasi liwale pa kamphindi komweko pamene mwakoka. Kanema wa chimimba atero, koma watsopano achedwa pang'ono kukonza chithunzi, motero mfuti iphonya nthawi zonse. Siinafe ai. Amene muli ndi kanema wa chimimba m'chipinda chosungira chimanga musafulumire kumtaya, pakuti pa ntchito iyi iye ndiye mwini wake.

Koma musamtsegule kumbuyo, ndipo muletse anyamata kutero. M'kati mwa kanema wa chimimba wa utoto muli mphamvu yofika mavolti ngati 25,000, ndipo ina itsalira m'galasimo ngakhale mwazula pulagi. Ntchito imeneyo nja mmisiri. Nyengo ya dzinja, mukamva ziphaliwali, zulani nthambo ya eriyo ndi pulagi zonse ziwiri. Adaputa ikatentha kwakuti dzanja silingaigwire, zimitsani, ndipo musaisiye m'khoma usiku kapena pansi pa nsalu, makamaka m'nyumba ya udzu. Musamangirirenso nthambo ya makina pamodzi ndi ya eriyo ya padenga popota mawaya. Mukatero kanyumba koulutsira kaja kapeza mlongoti, ndipo kayamba kulima m'munda wa eni: mnansi wanu angaone mizere pa kanema wake kapena kumva mluzu pa wailesi yake osadziwa kumene zichokera.

Potsiriza, inu mafumu ndi nyakwawa, mlandu wa wogula ndi wogulitsa ukafika pa bwalo panu, wina ati ndinagulitsa chamoyo, wina ati ndinagula chakufa, musafulumire kugamula, pakuti onse awiri angakhale ali kunena zoona. Itanitsani kabokosiko, muone chikalata cha pansi pake ngati palembedwa PAL kapena NTSC, ndi mavolti angati. Funsani kuti wogula anagwiritsa adaputa iti, ndipo muinunkhize, yopserera siibisika. Kenaka kabokosiko kakayesedwe pa kanema amene wogulitsa ati kankagwirapo ntchito, mboni zili pomwepo. Kakayaka kumeneko, cholakwa nchakatcheredwe, ndipo wogula angofunika kuphunzitsidwa. Kakakana, ndipo adaputa ndi yomwe anaperekera pamodzi, wogulitsa ali ndi mawu oyankha. Ndipo uzani anthu anu pa msonkhano kuti wogula makina otere ayambe waona chithunzi ndi kumva mawu asanatulutse ndalama m'thumba, afunsenso kuti kanema wa wogulitsayo watcheredwa pa nambala yanji, alembe nambalayo pa kapepala apite nayo kwao.

Nthawi yanga yatha.